Buleki ya Galimoto Yakale Ikalira, Yambani Mwamvetsera

Pa nyumba nambala 394 ku Chilenje, m'mene a Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, paima Land Rover ya m'masiku omenyera ufulu. Iyo inapuma kalekale, koma azing'ono ake akali pantchito. Mbandakucha mudzawaona pa Great East Road akudutsa pa Chelstone: ma Land Rover a Series, mapikapu a Peugeot ndi ma Hilux okalamba, atasenza matimati ndi kabichi za ku Chongwe kupita nazo ku Soweto Market. Alimi ambiri oyamba kumene amagula galimoto zoterezi chifukwa ndizo zimene thumba lawo lingathe. Ndipo tsiku lina, poima pa maroboti a mumsewu wa Cairo, buleki imalira.

Ambiri akamva kulirako amathamangira kukagula ma shoe atsopano. Nthawi zina ndalamayo imangotayika, phokoso n'kukhalapobe. Chimene chimaulula nthenda si kukula kwa phokoso ayi, koma nthawi imene likumveka. Kulira kogonthetsa m'khutu kawirikawiri n'kopanda ngozi, pamene kokwecha chapansipansi ndiko kumapha.

Choyamba dziwani mtundu wa mabuleki anu. Land Rover ya Series, kuyambira yoyamba ya 1948 mpaka Series III imene inasiya kupangidwa mu 1985, ili ndi madilamu pa mawilo onse anayi. Madisiki akutsogolo anabwera ndi One Ten mu 1983. M'kati mwa dilamu muli ma shoe awiri okhota ngati mwezi watsopano. Mukaponda, mafuta a mabuleki amakankha ma shoe kuti akakhuze khoma la dilamu, ndipo mukachotsa phazi masipuling'i amawabweza. Popeza dilamu ndi yotsekeka ngati mphika wovundikira, fumbi ndi madzi zikalowa zimachedwa kutuluka.

Kuyesa kwake sikufuna chida. Sankhani msewu wopanda piringupiringu, monga timisewu ta m'kati mwa Woodlands kapena Kabulonga dzuwa likangotuluka. Tsitsani magalasi, yendani pa liwiro la makilomita 30 pa ola, ndipo mnzanu aime m'mbali kuti amve wilo limene likulira. Pondani pang'ono, kenako mwamphamvu, kenakonso mukubwerera m'mbuyo.

Kulira kwa "tswii" kwa m'mawa, kumene kumatha mukaponda katatu kapena kanayi, ndi dzimbiri la usiku chabe. M'dzinja, galimoto ikawoloka zithaphwi za ku Kamwala, kulira kotereku n'kosadabwitsa. Kukapitirira tsiku lonse, kawirikawiri nkhope ya ma shoe yapsa n'kusalala ngati galasi, kapena dilamu yadzaza fumbi. Sandipepala ndi kutsuka zimachiritsa zimenezi.

Kukwecha kwa chitsulo pa chitsulo chinzake ndi nkhani ina. Ma shoe akale ambiri anamangidwa ndi mariveti, ndipo chikopa chake chikadyeka mitu ya mariveti imayamba kulima mizere m'dilamu ngati khasu la ng'ombe. Pa disiki, ndiye kuti padi yatha ndipo chatsala n'chitsulo chake chakumbuyo. Galimoto yotere siyenera kupitanso kumsika. Ulendo umodzi wa matimati sungabweze mtengo wa dilamu, ndipo sipeya wa galimoto ya zaka makumi anayi sapezeka pa sitolo iliyonse.

Phokoso likamabwera n'kumapita motsatana ndi kuzungulira kwa wilo, chopondera n'kumagunda kuphazi ngati mtima, dilamu yataya ubulungira wake. Kutentha ndiko kumachititsa zimenezi, makamaka kwa woyendetsa amene amatsika zitunda za Manenekera phazi lili pa buleki m'malo molowa giya yotsika. Dilamu ingathe kusemedwa pa makina, koma ili ndi malire, ndipo pa madilamu ambiri muyeso wake unadindidwa pa chitsulo pomwepo. Makaniko amene akufuna kusema asanayeze, mutsanzikeni mwaulemu.

Apa ndipo pamatayika ndalama zambiri: phokoso lomveka poponda buleki silichokera ku buleki nthawi zonse. Kugogoda kumodzi kwa "gu!" galimoto ikamaima, n'kubwerezanso mukabwerera m'mbuyo, kumaloza ku ma U-bolt omasuka amene amamanga ekiselo ku masipuling'i, kapena ku mabushi odyeka. Pikapu imene yakhala ikusenza matumba a feteleza m'misewu ya kumunda ndiyo imadwala nthenda imeneyi. Kung'ung'uza kumene kumamveka ngakhale musanaponde, n'kumasintha mawu mukakhota, ndi beringi ya wilo. Kwezani wilolo pa jeke, ikani chochirikiza cholimba pansi pa galimoto, ndipo gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likaseweraseweratu mwaipeza nthenda. Eni Land Rover akumbukirenso kuti handibuleki yawo sili ku mawilo: ndi dilamu yachisanu, kumbuyo kwa giyabokosi. Ikamangitsidwa kwambiri imakhuza n'kumalira pansi pa mpando, munthu n'kumasula mawilo onse anayi pachabe.

Palinso nthenda yosalira, imene ine ndimaiopa kuposa zonsezi. Labala ya pa habu ikatha, kapena silinda ya pa wilo ikayamba kudontha, mafuta amanyowetsa ma shoe. Buleki ya mbali imeneyo imaleka kugwira mwakachetechete, ndipo mukaponda galimoto imakokera kumbali imene ikali bwino. Yang'anani kuseri kwa wilo lililonse: kunyowa kwakuda pamenepo ndiwo umboni. Ma shoe omwa mafuta satsukika, ngakhale ena amawawamba pamoto. Ngotaya basi, ndipo pochotsa mumasintha a mawilo onse awiri a ekiselo imodzi, mutakonza kaye podonthapo.

Mukavula dilamu musauzire fumbi lake ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Ma shoe a makedzana ankapangidwa ndi asbestos, amene fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo patapita zaka zambiri, ndipo ndi maso simungadziwe ngati anu ali naye. Pukutani ndi nsanza yonyowa n'kuitaya. Vulani mbali imodzi yokha, inayo ikhale chitsanzo cha m'mene masipuling'i amakolekera.

Mukamanga, sinthani ma shoe ndi sipanala kuseri kwa wilo mpaka agwire dilamu, kenako bwezani pang'ono kuti wilo lizungulire momasuka. Bwererani ku kamsewu kaja mukayese galimoto ilibe kanthu, ndipo mukayesenso itasenza katundu wolemera ngati wa tsiku la msika. Pepala la fitinesi la ku RTSA limanena za tsiku limene anaiyeza, pamene mabokosi a matimati ali ndi mayeso awoawo pa Munali.