Kodi mumadziwa? Za malo otchajira galimoto zamagetsi

Kodi mumadziwa kuti ku Norway, pa galimoto zatsopano 100 zilizonse zomwe zinagulidwa mu 2024, pafupifupi 89 zinali zoyendera magetsi okhaokha? Anthu amakonda kutchula msonkho, ndipo n'zoonadi kuti boma linachotsa VAT pa galimotozi mu 2001. Koma linaikanso ndalama kuti m'misewu ikuluikulu mukhale malo otchajira mwachangu pa makilomita 50 alionse. Palibe angagule galimoto yoti ikamuthera moto pakati pa ulendo n'kusowa kolowera.

Nanga mumadziwa kuti mayiko a European Union mtundawu anachita kuulemba m'lamulo? Lamulo la 2023 linati pofika kumapeto kwa 2025, m'misewu yaikulu yolumikiza mayikowa mukhale malo otchajira pa makilomita 60 alionse, okhala ndi tchaja cha makilowati 150 kapena kuposa. Linatinso woyendetsa azitha kulipira pompo, monga ndi khadi la kubanki, popanda kuyamba walembetsa kukampani. Mfundo imeneyi ine ndimaiona kuti ndi yanzeru kwambiri, chifukwa kale anthu ankafika pa tchaja batire ili pafupi kutha, n'kupeza kuti kampani yake ikufuna pulogalamu yakeyake pafoni.

Ndalama pazokha sizimanga. Mu 2021 dziko la United States linapatula madola 7.5 biliyoni a ntchitoyi, koma malo oyamba omangidwa ndi thumba lalikulu la ndalamazo, lotchedwa NEVI, anatsegulidwa mu Disembala 2023 ku Ohio. Zaka ziwiri zathunthu! Chigawo chilichonse chimayenera kulemba dongosolo lake, kupeza malo, kusankha womanga, kenako n'kudikira kampani ya magetsi kuti ikoke nthambo ndi kuika thiransifoma. Ndipo moto wake si wamasewera. Malamulo a NEVI amafuna matchaja anayi a makilowati 150 pamalo amodzi, otha kugwira ntchito onse nthawi imodzi. Amenewo ndi makilowati 600, chimodzimodzi ketulo zamagetsi 300 zikuwira pamodzi. Wokonza mapulani akayamba ndi kugula matchaja asanafunse ngati thiransifoma ya m'deralo ingapirire, wayambira kumchira.

Kodi mumadziwa kuti mapulagi otchajira mwachangu ndi osiyanasiyana? Ku Japan kuli CHAdeMO, ku Ulaya kuli CCS, ku China kuli GB/T, ndipo pulagi ya mtundu wina silowa pa inzake popanda cholumikizira chapadera. Apa pakutikhudza ndithu. Galimoto zambiri za kuno kwathu zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo Nissan Leaf yakale imafuna CHAdeMO, pomwe matchaja ambiri a ku South Africa ndi a CCS. Nkhani ya pulagi iyenera kugamulidwa msanga, matchaja asanachuluke, chifukwa kusintha pambuyo pake n'kowonongetsa ndalama.

Nthawi yotchajira nayo ili ndi malamulo ake. Ku Britain, kuyambira mu 2022, matchaja apakhomo amagulitsidwa atatcheredwa kale kuti asamatchaje pa nthawi imene anthu ambiri akugwiritsa ntchito magetsi, ngakhale mwini wake ali ndi ufulu wosintha. Ku England chaka chomwecho analamula kuti nyumba yatsopano yokhala ndi poimika galimoto izikhalanso ndi potchajira. Ku Kenya anasankha kukopa anthu ndi mtengo: mu 2023 anaika mashilingi 16 pa yuniti, koma theka lake, mashilingi 8, kwa otchaja usiku.

Koma lamulo lokha silibweretsa matchaja. Dziko la Ethiopia linaletsa kuitanitsa galimoto za anthu wamba zoyendera petulo ndi dizilo mu 2024, koma malo otchajira ambiri akadali mu Addis Ababa.

Kodi mumadziwanso kuti pena kudikira pa tchaja sikufunika n'komwe? Ku Kigali, oyendetsa njinga zamoto zamagetsi zonyamula anthu, anzawo a akabaza athu, amangofika pamalo a kampani ya Ampersand, kusiya batire yotha, kunyamula yodzaza, n'kubwerera pamsewu m'mphindi zochepa. Batireyo ndi ya kampani, choncho njinga imatsika mtengo pogula. Kuyambira mu Januwale 2025, boma la Rwanda linasiya kupereka ziphaso zatsopano kwa njinga zapetulo zonyamula anthu mumzindawo.