Ndakatulo za Nyengo ndi Mwana wa Sitandade 1

Chaka cha sukulu m'Malawi chimayamba mu Seputembala, nthawi imene dzuwa layamba kuswa mtengo ndipo matchire akupsa. Mwana wa zaka 6 amene akulowa m'kalasi koyamba mwezi umenewu kawirikawiri sadziwa lembo ndi limodzi lomwe, koma za nyengo amadziwa zambiri. Amadziwa kulira kwa nyenje, amadziwa kumene kuli mitengo ya masuku, ndipo kutentha kwa fumbi la m'njira amakudziwa ndi mapazi ake. Mphunzitsi wanzeru amayambira pa zimene mwanayo wabwera nazo kuchokera kumudzi, ndipo njira imodzi yochitira zimenezi ndiyo ndakatulo zazifupi zonena za nyengo imene ili panja tsiku lomwelo.

Chichewa chili ndi mwayi umene zilankhulo zina zilibe. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo mawu amalembedwa monga momwe amatchulidwira. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, kotero kuti mwana akamalakatula uku akuomba m'manja, kuomba kulikonse kumagwera pa phatikizo limodzi. Khutu limayamba kudula mawu m'zidutswa diso lisanaone zidutswazo pa bolodi. Apa ndi pamene pagona ntchito ya ndakatulo.

Komabe si ndakatulo iliyonse imene ingathandize. M'teremu yoyamba, ya m'chilimwe, pamafunika mawu a maphatikizo apafupi, a malembo awiri okha. Mphunzitsi akhoza kupeka yekha mizere ngati iyi:

Moto uko, moto kuno,
Tiye, tiye, tikatole,
Tikatole masuku.

M'mizere itatuyi mulibe phatikizo lovuta. Muli mo, to, ku, no, ti, ka, le, ma, su, ndipo phatikizo la "to" labwera kanayi. Mwana amene walizindikira mu "moto" amakondwa kulipezanso mu "tikatole", ndipo mawa adzalipeza yekha mu "tola". Mawu oti "dzuwa" ndi "lupsa", ngakhale kuti ndi a nyengo yomweyi, ayambe adikira. Angathe kunenedwa pakamwa, koma nthawi yowalemba sinakwane.

Dzinja limabwera ndi mawu olemera, ndipo limafika pa nthawi yake, ana atazolowera maphatikizo apafupi. Mvula, mbewu, ngumbi, mphenzi: onsewa amayamba ndi malembo awiri kapena atatu opanda liwu. Tsiku limene ana abwera kusukulu atadya ngumbi ndilo tsiku loyenera kulemba pa bolodi kuti:

Mvula yagwa, ngumbi zauluka,
Mbewu zamera m'munda mwa agogo.

Pamenepo mphunzitsi aike "ngumbi" pafupi ndi "ng'ombe", kuti ana aone ntchito ya kachizindikiro kakang'ono kaja kamene ambiri, ngakhale akuluakulu, amakaiwala polemba kalata. Nyengo yopalira imaperekanso mpata wosiyanitsa "pala" ndi "phala". Mwana akaika chikhatho pafupi ndi pakamwa amamva mpweya ukutuluka pa mawu achiwiriwo, ndipo amamvetsa chifukwa chimene lembo la h lakhalira pamenepo.

Tsono pali msampha umene aphunzitsi ndi makolo ayenera kuudziwa. Ana amaloweza msanga kwambiri. Ndakatulo ikanenedwa katatu, kalasi lonse limatha kuilakatula mokweza, mosaphonya, maso ali pa bolodi ngati akuwerenga, chikhalirecho sakuona lembo lililonse. Mlendo wodutsa panja amaganiza kuti ana a pasukulupo ndi akatswiri, ndipo kholo limanyadira pomva mwana akulakatula madzulo. Choonadi chimaoneka mochedwa, mwana ali mu Sitandade 3, atapatsidwa buku limene sanalimvepo, n'kungoti kakasi. Ena mwa ana otere amabwereza kalasi, ena amagwa ulesi n'kusiyiratu sukulu, pamene vuto silinali m'mutu mwawo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ndakatulo ikalowa m'mutu, mphunzitsi aisokoneze dala. Aloze mawu otsiriza asanaloze oyamba. Afufute mawu amodzi n'kufunsa amene asowa. Alembe phatikizo lililonse pa kachidutswa ka katoni, azimwaze pansi, ndipo ana amange okha "masuku" kuchokera ku ma, su ndi ku. Akasuntha zidutswazo adzapeza mawu ena amene munalibe m'ndakatulo muja, monga "suma" ndi "kusuma", ndipo mwana amene wawerenga mawu amene sanawalowezepo ndiye amene wayambadi kuwerenga. Kulemba kutsatire tsiku lomwelo, ndi chala pamchenga kapena ndi choko pa sileti, pensulo isanafike.

Nzoona kuti ntchitoyi ndi yolemetsa. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kufikira lero si chachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi limodzi la Sitandade 1. Ndondomeko yophunzitsa kuwerenga imene Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa m'dziko lonse mu 2016 imatsindika pa maliwu a malembo ndi maphatikizo, ndipo ndakatulo siilowa m'malo mwa buku la ndondomekoyi, imangoliperekeza. Ubwino wake ndi woti siifuna ndalama: choko, katoni ndi mphindi khumi n'zokwanira.

Ndakatulo zomasuliridwa kuchokera m'mabuku a ku Ulaya sizithandiza kwenikweni pa msinkhu umenewu. Kumeneko Disembala ndi mwezi wa chipale chofewa, pamene kuno ndi mwezi wobzala. Ngakhale m'dziko momwe muno nyengo siifanana. Chisanu cha ku Dedza mwana wa ku Nsanje sachidziwa. Wa ku Thyolo ndi Mulanje amadziwa chiperoni, wa ku Nkhotakota amadziwa mwera umene umaletsa atate ake kupita panyanja. Kumene ana amalankhula chilankhulo china pakhomo, mphunzitsi ayambe wafunsa mmene iwo amanenera. Wa ku Rumphi akanena kuti "vula", watsala ndi lembo limodzi kuti alembe "mvula".

Teremu yachitatu imagwa m'masika ndi m'nyengo yachisanu, chimanga chikulowa m'nkhokwe ndipo anyamata akukumba mbewa. Apa mphunzitsi alembe mzere woyamba wokha, wachiwiri apeke ana, aliyense m'kope mwake. Wina adzalemba "nkokwe" kuiwala h, wina adzaphatikiza mawu awiri. Zimenezo zikonzedwe pang'onopang'ono, mwanayo atayamba wawerengera anzake zimene walemba. Madzulo, pamoto, agogo amene sanapiteko kusukulu angathe kumufunsa mdzukulu kuti awalozere ndi chala pamene palembedwa "mbewa", kenaka pamene palembedwa "mbewu".