Wabwerako ku Zomba, nanga bwanji sakugwira ntchito?

Dandaulo lomwe ndimalimva kuno ku Mangochi ndi ili: m'bale wathu wabwerako kuchipatala cha matenda amisala ku Zomba, mawu ankamulankhula m'mutu aja aleka, koma ukamutuma kumsika zinthu zitatu amabwera ndi chimodzi. Achibale amangoti ndi ulesi basi.

Ayi, abale anzanga. Matenda a schizophrenia, omwe bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti amagwira munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, amafooketsanso nzeru zokumbukira, zokonzera ntchito mwandondomeko komanso zosinthira maganizo zinthu zikatembenuka. Mankhwala monga chlorpromazine amachepetsa mawu aja, koma nzeruzi sazibwezera kwenikweni.

Akatswiri ali ndi njira zopimira vutoli. Pa mayeso a Trail Making, wodwala amalumikiza manambala ndi zilembo mosinthanitsa: 1, A, 2, B, wotchi ikuwerenga. Pa a Wisconsin, omwe anatuluka mu 1948, amasanja makadi potsata mtundu, kenaka woyesa amasintha lamulo mwakachetechete kuti aone ngati wodwalayo azindikire.

Koma apa mpomwe pagona nkhani. Mayesowa anapangidwira Azungu opita kusukulu. Msodzi wa ku Makanjira wolankhula Chiyao, yemwe zilembo sanaziphunzire, angalephere Trail Making mutu uli bwinobwino. Ine ndikuti womuyesa afunsenso achibale: kodi ukonde akusokabe? Ndalama za usipa akuwerengera yekha?

Kunyumba, musamukalipire. Mutumeni chinthu chimodzi, akamaliza mumuuze china.