Akujambula ku America, koma makoma ake ndi a ku Enugu

Mayi wakhala pabedi, mwamuna wagona atatsamiritsa mutu pamiyendo pake. Mukaonera patali, chithunzi chotchedwa Nwantinti, chomwe Njideka Akunyili Crosby anajambula mu 2012, n'cha anthu awiri okondana basi. Mukasendera pafupi mupeza kuti m'chipindamo sali awiriwiri ayi. Paliponse pali tizithunzi tating'onoting'ono ta ku Nigeria, tothithikana, tina tozimiririka.

Njideka anabadwira ku Enugu mu 1983. Anasamukira ku America mu 1999 ali ndi zaka 16, anaphunzira ku Swarthmore kenaka ku Yale, ndipo anakwatiwa ndi mzungu wa komweko, Justin Crosby. Pano amakhala ku Los Angeles. Mwamuna amene amaoneka m'zojambula zake zambiri ndi yemweyo.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofuna kudekha. Amatola zithunzi m'maalubamu a kwawo, m'magazini a ku Nigeria ndi pa intaneti, n'kuzipanga fotokope. Akatero amazivundikira papepala lalikulu n'kupaka acetone kumbuyo kwake, inki ija n'kusamukira papepalapo. Pamwamba pake ndiye amapaka penti, kulemba ndi makala ndi mapensulo amitundumitundu, mwinanso kumata nsalu. Oimba, andale ndi achibale amathera pakhoma, pansi, pazovala, nthawi zina pakhungu penipeni pa munthu.

Kusungulumwa kwa m'zithunzizi kwabisala pamenepo. Anthu ake agundana, agwirana, koma nthawi zambiri nkhope zayang'ana kumbali, ndipo mmodzi wasenza dziko lomwe mnzakeyo sanakuliremo. Woonerera wa ku New York amangoona maonekedwe okongola. Wa ku Lagos amazindikira nkhope n'kuzitchula maina. Ine ndimaona kuti Njideka amachitira dala, sakufuna kumasulira aliyense zonse.

Mayi ake, Dora Akunyili, anali mkulu wa NAFDAC, bungwe lomwe linalimbana ndi mankhwala achinyengo ku Nigeria. Atamwalira mu 2014, nkhope yawo inayamba kuonekera m'ntchito za mwana wawoyu kudzera pansalu zachikumbutso, zangati zitenje zosindikizidwa nkhope zomwe timavala kuno pamisonkhano ndi pamaliro.

Mu 2017 Njideka analandira mphoto ya MacArthur, ndipo chaka chomwecho chithunzi chake The Beautyful Ones, cha mkulu wake ali mtsikana, chinagulidwa pa okushoni ya Christie's ku London pamtengo woposa madola 3 miliyoni.