NSOMBA YOYENDA PAMSANA PA NAMGUMI

Omvera amene amaweta ng'ombe amamdziwa bwino kakowa, mbalame imene imatsata ziweto kubusa ndi kumatola tizilombo touluka mu udzu. M'nyanja zikuluzikulu zamchere muli nsomba ya khalidwe lotere, koma iyo imachita zoposa pamenepa, pakuti imadzimata pathupi pa nyama yaikulu ndi kumka nayo kulikonse. Dzina lake ndi remora. M'Nyanja ya Malawi mulibe nsomba imeneyi chifukwa imakhala m'madzi amchere okhaokha.

Mitundu ya remora ilipo 8. Ina imamatirira pa shaki kapena pa akamba a m'nyanja, koma mtundu umene akatswiri amautcha Remora australis umasankha anamgumi ndi abale awo aang'ono otchedwa dolphin. Nsomba ya mtundu umenewu sipitirira masentimita 76, pamene namgumi wamkulu koposa, blue whale, amafika mamita 30.

Chinsinsi cha remora chili pamutu pake. Chipsepse chimene pa nsomba zina chimakhala pamsana, pa iyo chinasanduka kambale kophwaphwatika ka mizere yopingasa, ndipo mzere uliwonse uli ndi timinga. Ikagunditsa kambaleko pakhungu ndi kudzutsa mizereyo, imagwira zolimba. Woikokera kumbuyo amangoilimbitsa, koma iyo ikafuna kuchoka imangosendera kutsogolo. Asodzi akale a ku Zanzibar ndi ku gombe la Mozambique ankaidziwa mphamvu imeneyi. Ankamanga chingwe kumchira kwa remora wamoyo ndi kumponya pafupi ndi kamba. Akamatirira pa chigoba, iwo ankakoka chingwecho mpaka kamba afike pa ngalawa.

Nanga nsombayi imavutikiranji kukwera pa zinzake? Ilibe kathumba ka mpweya kamene kamathandiza nsomba zambiri kuyandama, motero kusambira mtunda wautali nkotopetsa kwa iyo. Pa namgumi imapeza ulendo waulere, chitetezo kwa adani, ndiponso chakudya: tizilombo ta pakhungu, khungu lofunduka, ngakhale ndowe za namgumiyo.

M'chaka cha 2020, Brooke Flammang ndi anzake anafalitsa zimene anaona pa makamera omatidwa pa anamgumi kufupi ndi gombe la California. Anapeza kuti remora samata paliponse ayi. Amasankha malo obisika kumene madzi sawomba mwamphamvu, monga kuseri kwa chibowo chopumira cha pamutu ndi kuseri kwa chipsepse cha pamsana, monga mmene munthu amabisalira mphepo kuseri kwa chulu. Anaonanso kuti amasendera kuchoka pamalo ena kupita pena namgumi ali paulendo, osatsalira m'mbuyo.

Funso lotsala ndi lakuti, kodi mwini msana amapindulanji? Remora si nkhupakupa, sayamwa magazi, ndipo pochotsa tizilombo amathandizako. Kwa namgumi katunduyu ndi wopepuka. Koma kwa dolphin, amene thupi lake ndi laling'ono, remora amalemetsa posambira, ndipo kambale kaja nthawi zina kamasupula khungu. Mtundu wina wa dolphin umalumpha m'madzi ndi kuzungulira kangapo m'malere usanagwenso, ndipo akatswiri aonetsa kuti kulumpha kotereku kungathe kugwetsa remora.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Remora ndi mlendo wosatsazika, ndipo kaya alandiridwa kaya apirikitsidwa, zimatengera kukula kwa msana umene wakwerapo.