Oyimba Anayi Amene Agawa Nyimbo Ngati Mbewu

Inu alimi anzathu, mudziwa kaligo woyimba ndi uta. Tsono ku San Francisco, m'dziko la Amereka, kuli gulu la anthu anayi lotchedwa Kronos Quartet, loyimba zing'wenyeng'wenye za mtundu womwewo, koma za nsambo zinayi. Ziwiri nzazing'ono, china nchokulirapo, ndipo chachikulu achiimika pansi pakati pa miyendo.

Gululi analiyamba ndi Bambo David Harrington ku Seattle m'chaka cha 1973. Iwo sanafune kumangobwereza nyimbo za makolo, chotero anapempha mphunzitsi wao, Bambo Ken Benshoof, kuti awapekere yatsopano. Ndalama panalibe, ndipo malipiro ake anali thumba la madonasi basi! Kufikira lero nyimbo zopekedwera gululi zapitirira 1,000. M'chaka cha 1992 anatulutsa chimbale cha Pieces of Africa, m'mene muli "Mai Nozipo", nyimbo imene Bambo Dumisani Maraire a ku Zimbabwe anapeka pokumbukira amayi awo.

Koma chimene chandikondweretsa ine koposa ndi ichi. Kuyambira 2015 analipira opeka 50, akazi 25 ndi amuna 25, ndipo nyimbo zaozo anaziika pa intaneti kwaulere, pamodzi ndi mapepala ophunzirira. Mlimi adziwa kuti mbewu yabwino ikakhala m'nkhokwe ya munthu mmodzi, mudzi supindula. Lero mwana wasukulu wosauka akhoza kutenga nyimbozo naziyimba ndi anzake atatu, osalipira ndi kobiri lomwe.