N'chifukwa chiyani wa Migração amayang'ana BI yanu kawiri?

Mlimi wa ku Cóbuè amazindikira mnansi wake ali m'bwato patali, ngakhale kutayamba kuda. Koma mlimi yemweyo akafuna kuwolokera ku Likoma kukagulitsa chinangwa, wa Migração amayang'ana BI, n'kuyang'ana nkhope, n'kubwereranso pa BI. Si chipongwe ayi. Kuzindikira munthu amene umamudziwa ndi ntchito ina, kufananiza nkhope ya mlendo ndi chithunzi ndi ntchito inanso.

M'bale wathu tinamuona akuseka, akudwala, atameta, atatopa pochokera kumunda. Ubongo unasunga maonekedwe onsewo, ndiye ngakhale asinthe bwanji, sititayika. Koma wa pamalire sakukudziwani. Ali ndi kachithunzi kamodzi kokha, mwina kojambulidwa zaka zisanu zapitazo.

Mu 2011 akatswiri a ku Scotland anasakaniza zithunzi 40 za anthu awiri otchuka ku Holland. Anthu a ku Britain, omwe sankawadziwa, ankaganiza kuti pazithunzipo pali anthu 7 kapena 8. Anthu a ku Holland ambiri anaona kuti ndi awiri okha. Mu 2014 ku Australia, ogwira ntchito yopereka mapasipoti atayesedwa, anavomera chithunzi cha munthu wina maulendo 14 pa 100 alionse.

Nanga kompyuta? Iyo imasandutsa nkhope kukhala manambala, n'kuwafananiza ndi manambala a chithunzi chimene inasunga. Imachita msanga ndipo sitopa, koma chithunzi chamdima kapena chakale chimaisokoneza. Mu 2019 bungwe la NIST ku America linapeza kuti mapulogalamu ambiri amasokoneza nkhope za anthu a ku Africa kuposa za azungu. Choncho nkhope payokha siikwanira, ndipo popanga BI kapena polembetsa chisankho ku STAE amatenganso zidindo za zala.

Kwa ife a m'boma la Lago, phunziro ndi ili. BI ikatha nthawi kapena chithunzi chikafufutika ndi madzi a m'nyanja, pitani mukakonzetse ina ulendo usanafike. Musabwereke chiphaso cha mchimwene wanu poti mumafanana. Zala zanu sizifanana. Ndipo wogula wachilendo akafuna kutenga chimanga kapena usipa pa ngongole, musadalire kuti nkhope yake mudzaikumbukira. Lembani dzina ndi nambala ya chiphaso chake, a mfumu kapena mboni ili pomwepo.